Nkhani ya Dalitso ya zinjoka ndi mafumu a Angoni: tiibwezeretse pa gulu kapena ayi?

Nachisale (adimini), Dedza boma, Lolemba 18:20

Madzulo abwino nonse. Ndiyambe ndi kuthokoza amene mwatumiza nkhani zopeka pa gulu lathu la olemba lino pa mutu wa sabata yatha uja woti "Tsiku limene nkhokwe ya mfumu inapezeka ilibe kanthu". Zabwera zisanu ndi ziwiri, ndipo aka n'koyamba kuti zonse zikhale za m'Chichewa. Kwa amene mwangolowa kumene, mutuwu tinautenga titamaliza chigawo chija cha m'buku la A Clash of Kings la George R. R. Martin pamene anthu a mumzinda wa King's Landing anaukira mfumu Joffrey pamsewu akufuula kuti akufuna buledi.

Koma pali nkhani. Ena mwaona kuti zimene analemba Dalitso ndinazichotsa Loweruka usiku. Sindinachotse chifukwa choti zinalembedwa moipa ayi. A Ngozo anandiimbira foni kudandaula, ndipo anapempha okha kuti m'malo mokambirana kumbali, tikambe pano aliyense akumva. Dalitso ndamufunsa, wavomera. Ndiye bwalo ndi limeneli. Chonde tilemekezane.

A Ngozo, Ntcheu, Lolemba 19:05

Zikomo mayi Nachisale. Mwana wanga Dalitso, ndiyambe ndi kunena kuti dzanja lolemba uli nalo. Ndime ija ya amayi akusinja gaga usiku kuti anansi asadziwe kuti chimanga chatha ndinaiwerenga kawiri.

Chimene chandipweteka ndi ichi. Watenga Inkosi Gomani Chikuse, munthu amene anakhalapodi, wamukweza pa chinjoka cholavula moto, n'kumulemba akutentha nkhokwe za anthu ake omwe uku akuseka. Kenaka wabweretsa Kachindamoto pa chinjoka china. Nkhondo ya nyumba ziwirizi inachitikadi, sindikukana. Mputa atamwalira, mwana wake Chikuse anali wamng'ono, ndipo Chidyaonga ndiye anasunga mpando. Pambuyo pake Chifisi, mwana wa Chidyaonga, anayambana ndi Chikuse. Awiriwa atamwalira mu 1891 ana awo, Gomani ndi Kachindamoto, anapitiriza mkanganowo, n'chifukwa chake lero a Kachindamoto ali ku Mtakataka ndipo a Gomani ali kuno ku Ntcheu. Zimenezo ukanalemba sindikanatsegula pakamwa.

Koma zotentha chakudya cha anthu ake wazipeka iwe. Gomani amene timamudziwa ife anaphedwa ndi asilikali a boma la Angerezi mu 1896 atakana kugonja. Philip Gomani nayenso boma la atsamunda linamuchotsa pa mpando mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chaka ndi chaka timavala zikopa kupita ku Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano kukakumbukira anthu amenewa. Zidzukulu zawo zilipo, zina zimagula kachewere kwa iwe pa Lizulu pomwepo. Nkhani ya pafoni siikhala pa gulu limodzi. Mawa wina aitumiza kwina, mutu woti ndi zopeka wachotsedwa, ndipo mwana wa sitandade 8 adzakula akuganiza kuti Gomani anaotcha nkhokwe.

Dalitso, Lizulu, Lolemba 19:48

Bambo Ngozo ndamva, ndipo pepani kuti ndakupwetekani mtima. Inenso amayi anga ndi Angoni, sindinafune kunyoza makolo.

Ndifotokoze mmene zinandibwerera. Chiyambire kulemba fanfiction, nkhani zopitiriza anthu opeka a wolemba wina, pa gulu pano ndalemba nkhani zinayi, zonse za ku Westeros, dziko lopeka la m'mabuku a Martin. Ndimalemba za chipale chofewa chimene sindinachigwirepo, za nyumba zamiyala za mafumu zimene ndimangoziona pa foni. Kuzizira kumene ndikukudziwa ine ndi kwa mu Juni pa Lizulu m'mamawa tikutsitsa matumba. Ndiye nditamva kuti George R. R. Martin anatenga zambiri ku nkhondo za mafumu a ku England zija amati Wars of the Roses, ndinadzifunsa kuti ife bwanji? Tili ndi nkhondo yathu ya abale awiri olimbirana mpando, pa mapiri omwewa ndimawaona tsiku lililonse. Ndinafuna kuti wowerenga wa ku Ntcheu amve mtima kugunda ngati mmene umagundira akamawerenga za banja la a Stark la m'mabuku a Martin.

Zotentha nkhokwezo ndinaziika chifukwa mutu unali wa nkhokwe, ndipo m'mabuku amenewa mfumu iliyonse ili ndi choipa chake. Sindinaganize kuti wina angazitenge ngati mbiri.

Chikondi, Bembeke (pano ndili ku Lilongwe), Lolemba 20:30

Dalitso m'bale wanga, cholinga chako ndikuchimva ndipo ndili nawe. Koma taona bwino zimene Martin anachita. Nkhondo ija inali ya banja la York ndi la Lancaster, inayamba mu 1455. Iye sanalembe York ndi Lancaster. Analemba Stark ndi Lannister, dzikonso n'kulipatsa dzina lina. Atatero anamasuka. Akhoza kupangitsa munthu wake kupha alendo paukwati, palibe mdzukulu amene angadandaule.

Buku lija ndinakubwereka la R. F. Kuang, The Poppy War la mu 2018, n'chimodzimodzi. Aliyense wodziwa mbiri ya China amazindikira kuti chaputala chowawa chija chikunena za kuphedwa kwa anthu ku Nanjing mu 1937, komabe dzikolo analitcha Nikan ndipo mzindawo anautcha Golyn Niis. Ngũgĩ wa Thiong'o mu Wizard of the Crow, limene analilemba choyamba m'Chikikuyu, wolamulira wankhanzayo sanamupatse dzina la pulezidenti aliyense wa ku Kenya, dzikolo n'kulitcha Aburĩria. Anthu a ku Kenya anadziona momwemo, ifenso tikawerenga timadziona momwemo. Likanakhala ndi dzina la munthu mmodzi likanathera pa munthu mmodziyo.

Komanso tisiyanitse. Fanfiction ndi kutenga anthu opeka a wolemba wina n'kuwapitiriza. Kulemba zopeka za munthu weniweni ndi chinthu china, ngakhale pa Archive of Our Own, malo a pa intaneti osungira fanfiction, amaziika chizindikiro chakechake kuti wowerenga adziwiretu.

Mphatso, Linthipe, Lolemba 21:02

Ine ndiima pena. Ngati lamulo likhale loti dzina lenileni lisatchulidwe, ndiye Steve Chimombo tikanamuletsa kulemba sewero la The Rainmaker, poti M'bona ndi dzina limene anthu amapembedzera mpaka lero ku Khulubvi ku Nsanje. Ndakatulo zake za Napolo nazonso zinatenga chinthu chimene anthu amachiopadi.

Komanso ife a kuno ku Dedza kudzudzula akuluakulu kudzera m'zilombo si zachilendo. Pitani ku Mua mukaone mu Chamare Museum, muli nkhope za gule zoposa 400, ndipo zambiri mwa izo zimanena za munthu waudindo amene wasokonekera: mfumu yogulitsa malo, mzungu wofiira ndi dzuwa, mkamwini wodzikuza. Gule sapempha chilolezo kwa amene akumudzudzula. Ndikuopa kuti tikayamba kuchotsa nkhani chifukwa wina wakhumudwa, mawa tidzachotsa ya wina chifukwa yakhudza chipani.

Mayi a Yankho, Golomoti, Lolemba 21:10

A Mphatso, koma gule amavala nkhope. Chilombo chikatuluka pabwalo sichinena kuti ine ndine mfumu yakutiyakuti ya mudzi uno. Anthu amazindikira okha n'kumayang'anana.

Mphatso, Linthipe, Lolemba 21:14

Pamenepo mwandigwira amayi. N'zoona. Komabe nkhawa yanga ya kuchotsa nkhani ikadalipo.

A Ngozo, Ntcheu, Lachiwiri 06:40

Mwadzuka bwanji nonse. Magetsi anazima usiku, ndawerenga zonse m'mawa uno. A Mphatso, nkhawa yanu ndi yanganso, ndipo ndikufuna mudziwe chifukwa chake.

Ine ndinayamba kuphunzitsa m'zaka za m'ma 1980. Nthawi imeneyo panali bungwe la boma lounika mabuku, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, ndipo buku likaletsedwa kupezeka nalo unali mlandu. Jack Mapanje anatulutsa Of Chameleons and Gods mu 1981. Mu 1987 anamugwira n'kukamutsekera ku Mikuyu popanda kumuzenga mlandu, anatuluka mu 1991. Ife aphunzitsi achinyamata tinkabwerekana mabuku oterowo titawakuta ndi pepala la khaki, ndipo tinkawerenga titatseka chitseko. Ndiye kuletsa munthu kulemba ndikukudziwa kuwawa kwake, sindingakufunire mwana aliyense pa gulu pano.

Koma taonani amene olemba aja ankalimbana nawo. Anali amoyo, amphamvu, okhala ndi ndende m'manja. Birimankhwe, Napolo, dzenje la Chingwe pa phiri la Zomba, zonsezo zinali nkhope zovala kuti afikire munthu amene sakanamutchula dzina. Khoswe akakhala pa mkate sapheka, ndiye iwo anapeza njira yomulozera popanda kuswa mkatewo. Kumeneko ndiye kunali kulimba mtima. Pamene Gomani Chikuse sangakumange, sangakuyankhe, anagona kale m'manda amene adani ake anamugonekamo. Kumunamizira iyeyo sikufuna kulimba mtima kulikonse.

Ngati Dalitso akufuna kulemba za mfumu yotentha nkhokwe, alembe, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuwerenga. Mafumu ogulitsa chakudya cha anthu awo tawaona ndi maso athu. Angoipatsa dzina lake mfumuyo.

Tadala, Mtakataka, Lachiwiri 12:55

Ndili pa nkhomaliro, ndilembe msanga. Ine chimene chandidabwitsa n'china. Mutu unali wa nkhokwe, koma mwa nkhani zisanu ndi ziwiri zija, zisanu ndi imodzi zikunena za mfumu, mwana wa mfumu kapena mkazi wa mfumu. Ya Dalitso yokha ndiyo inali ndi amayi osinja gaga, ndipo ndime imeneyo ndiyo aliyense akuikumbukira.

Njala ya 2002 inandipeza ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkadya nthochi zosakhwima ndi gaga wogula pa mbale, mng'ono wanga anatupa miyendo. Nditakula ndi pamene ndinamva kuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa njalayo isanafike. Chiyambire pamenepo funso limene limandisowetsa tulo si la amene anasaina pepala. Ndimaganiza za munthu amene anatsegula geti, amene analemba nambala za matumba, amene anayendetsa galimoto. Ankadziwa, ndipo kwawo kunalinso ana. N'chifukwa chake m'mabuku a Martin ndimakonda kwambiri A Feast for Crows la mu 2005, limene ambiri amati n'lozizira. Brienne, mkazi wankhondo wa m'bukumo, akuyenda m'midzi yotenthedwa, ndipo ukuona zimene nkhondo ya mafumu yasiyira anthu wamba.

Sindinatumize nkhani sabata yatha chifukwa ndinachita manyazi kuti ndi yaifupi. Chikondi anandiuza kuti pali mtundu wina amautcha drabble, wa mawu 100 ndendende, ndiye ndinayesa. Nayi:

Ine ndine amene ndimasunga makwerero a nkhokwe ya mfumu. Chaka chimene mitambo inathawira kunyanja, nduna zinkabwera usiku ndi ngolo zopanda mabelu, ine n'kumagwira makwerero kuti asagwedere. M'mawa uliwonse mfumu inkandifunsa, "Chafika pati?" Ndinkaloza m'khosi mwanga. Mwezi wotsatira ndinalozanso m'khosi, ngakhale chinali m'mawondo. Mbalame yamatsenga ya padenga, imene imalira munthu akanama, ndinali nditaimanga mlomo ndi luzi. Lero anthu adzaza bwalo ndi malichero. Mkazi wanga ali kutsogolo, mwana kumsana. Mfumu yandiitana kuti ndikwere ndiwauze. Ndakwera. Mkati mwa nkhokwe muli khoswe mmodzi ndi zitsononkho. Ndatambasula dzanja kudenga, ndagwira mfundo ya luzi lija. Mbalame ikundiyang'ana. Pansi onse ali chete, akudikira kuti ndiyankhule ine choyamba.

Mayi a Yankho, Golomoti, Lachiwiri 13:08

Tadala mwana wanga, wandiliza. Chaka chimenecho ndinaika mwana m'manda.

Tadala, Mtakataka, Lachiwiri 13:10

Pepani amayi. Sindinkadziwa.

Mayi a Yankho, Golomoti, Lachiwiri 13:15

Usapepese, ndipo usaichotse. Ndikufuna kudziwa ngati anamasula luzi lija.

Dalitso, Lizulu, Lachiwiri 14:02

Achemwali a Tadala, ndawerenga ndili pamsika ndipo ndinaiwala kuti pali kasitomala akudikira chenji. Mulibe chinjoka, mulibe dzina la munthu aliyense, koma ndale zonse zilimo. Ine ndinathamangira moto ndi mapiko. Mungandilole ndilembe zotsatira zake kuchokera kwa mkazi uja ali kutsogolo ndi lichero? Ndikuganiza kuti iye ankadziwa kale, chifukwa mwamuna wake ankabwera ndi ufa usiku.

Tadala, Mtakataka, Lachiwiri 14:20

Lemba Dalitso. Zoti mkaziyo ankadziwa sindinaziganize, koma tsopano ndikuona kuti sizikanatheka kuti asadziwe.

Chikondi, Lachiwiri 17:35

Zimene zachitika apazi ndiyo fanfiction yeniyeni, ndipo yachitika mwini nkhani atavomera. Ndikunena izi chifukwa pali chinthu chimene sitinachikambepo pa gulu pano. Martin mwiniwake sakondwera kuti anthu azilemba nkhani pa anthu ake, anazinena poyera kalekale, ndipo amalangiza olemba atsopano kupanga dziko lawolawo. Olemba ena saona vuto. N. K. Jemisin, amene anapambana mphoto ya olemba ya Hugo zaka zitatu zotsatizana, 2016, 2017 ndi 2018, ananena yekha kuti amalemba fanfiction. Naomi Novik anali mmodzi mwa amene anayambitsa Archive of Our Own, malo amene amayendetsedwa ndi bungwe losapanga phindu la Organization for Transformative Works lokhazikitsidwa mu 2007, ndipo malowo analandira Hugo mu 2019.

Chimene anthu olemba fanfiction amagwirizana n'chakuti sugulitsa. Ndikutchula chifukwa mwezi watha wina anafunsa zosonkhanitsa nkhani zathu za ku Westeros n'kuzisindikiza kuti tizigulitsa pa sukulu. Zimenezo tisayerekeze. Koma dziko la Tadala ndi lathu. Tikalikulitsa tokha, tsiku lina tikhoza kusindikiza popanda kuopa munthu. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom konkuno ku Malawi, njira inatsegulidwa kale.

Yamikani, Tsangano, Lachiwiri 18:12

Ine ndine wa fomu 4, ndimangowerenga sindinalembepo. Ndifunse nawo. Chinjoka cha m'mabukuwa m'Chichewa tizichitcha chiyani? Ena akulemba chinjoka, ena dragoni, wina analemba Napolo. Ine mawu oti chinjoka amandikumbutsa za m'buku la Chivumbulutso kutchalitchi, ndiye ndikamawerenga ndimaona Satana osati nyama yokwera.

Mphatso, Linthipe, Lachiwiri 18:50

Yamikani wafunsa zenizeni. Napolo ayi, tisasakanize. Napolo sauluka ndipo munthu samukwera. Amakhala pansi pa phiri, akafuna kusamukira kunyanja amang'amba phirilo n'kutsika ndi madzi, miyala ndi mitengo, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Chinjoka cha Martin ndi chida cha nkhondo, amene ali nacho ndiye wapambana. Napolo alibe mwini. Ndiye ndale za dziko lokhala ndi Napolo sizingafanane ndi za dziko lokhala ndi zinjoka. Funso silikhala loti ndani ali ndi chilombo, likhala loti ndani anthu amamukhulupirira akanena chimene chakwiyitsa chilombocho. Munthu ameneyo mphamvu zake zikhoza kuposa za mfumu.

Mbalame ya Tadalanso ndi yakwathu. Tonse tinakula ndi nthano za mbalame yoimba nyimbo yoneneza wakupha mnzake, amene tinawerenga Sikusinja ndi Gwenembe kusukulu tikuikumbuka. Iye wangoiika padenga la boma n'kuimanga mlomo.

Nachisale (adimini), Lachiwiri 19:30

A Mphatso mwandikumbutsa chinthu chimene chakhala chikundivuta chiyambire buku loyamba la Martin lija la mu 1996. Nkhondo yonse ya ku Westeros yagona pa funso limodzi: Joffrey bambo wake ndani? Zitadziwika kuti si mwana wa mfumu Robert, dziko lonse linayaka. Tsiku lina ndinkawafotokozera amayi anga nkhaniyi tikusenda mbatata, iwo anangondifunsa kuti, "Nanga mfumuyo inalibe mlongo wake?" Kwa ife Achewa mpando supita kwa mwana wa mfumu, umapita kwa mwana wa mlongo wake, ndipo amene amakhala pansi kusankha ndi amayi akuluakulu a mbumba. Ukatenga nkhani ya Martin n'kuibweretsa kwa Kaphuka kapena kwa Kasumbu, imagwa tsiku loyamba, chifukwa zoti mkazi wa mfumu anabereka ndi yani sizikhudza mpando.

Koma si kuti kwathu kulibe mikangano ya ufumu, tonse tikudziwa milandu imene imafika mpaka kukhoti. Mikangano yathu imakhala pena: alongo awiri aliyense ali ndi mwana wamwamuna, nyumba yaikulu ndi yaing'ono, ana a mfumu amene anakulira pabwalo koma tsiku la maliro amauzidwa kuti kwanu n'kwa amayi anu. Ine sindinawerengepo nkhani yopeka ya zamatsenga (fantasy) yomangidwa pa zimenezi. Ndipo kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu miyambo iwiri inakumana, Angoni olowa ufumu kudzera kwa bambo ndi Achewa olowa kudzera kwa mayi, n'kukwatirana. Mwana wa bambo Mchewa ndi mayi Mngoni akhoza kupezeka alibe mpando mbali zonse ziwiri, pamene wa bambo Mngoni ndi mayi Mchewa mbali zonse zikumufuna. Dalitso, nkhondo ya abale imene ukuifuna ija ili pamenepa, ndipo siifuna dzina la munthu weniweni.

Mphatso, Linthipe, Lachiwiri 20:05

Onjezanipo Mankhamba, pafupi ndi kwa Tadala komweko. Pamenepo ndi pamene panali likulu la Kalonga wa Amaravi. Kalonga anali wa a Phiri, koma za mvula zinali m'manja mwa a Banda kudzera mwa Mwali, ndipo Nyangu ndiye anali mayi wa ufumu. Mfumu yokhala ndi mikondo koma yopanda mvula, mkazi wokhala ndi mvula koma wopanda mikondo. Dr Yusuf Juwayeyi atakumba pamalopo anapeza mikanda yagalasi, zamkuwa ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, kusonyeza kuti malonda ankafika kutali. Ndiye muli msonkho, muli amalonda achilendo, muli minyanga. Martin anafunsapo kuti Aragorn, munthu wa m'mabuku a wolemba Tolkien, atakhala mfumu ankatolera bwanji msonkho. Ife tikhoza kufunsa kuti mnyanga wogwa pansi unkapita kwa yani, ndipo amene anapha njovuyo ankamva bwanji.

Chimodzi chokha ndipemphe monga munthu wometa. Tikamalemba za zilombo tilembe zimene aliyense amaona pabwalo. Zakudambwe zisalowe m'nkhani, ngakhale titasintha mayina. Ndipo ndikuona tsopano kuti pempho langali silikusiyana ndi la a Ngozo.

A Ngozo, Ntcheu, Lachitatu 07:15

Zikomo a Mphatso. Dalitso, ndakhala ndikuganiza za nkhani yako usiku wonse, ndipo ndikuona kuti munthu wofunika unamudumpha. Si mfumu iliyonse mwa awiri aja. Ndi wosunga mpando. Taganiza munthu amene m'bale wake wamwalira n'kumusiyira kamwana ndi mtundu wonse uli pa ulendo pakati pa adani. Akuwatsogolera zaka zambiri, akumenya nkhondo, akupeza malo okhala, anthu akumuombera m'manja. Kamwana kaja kakukula. Mwana wake womubereka yekha nayenso akukula, akuona bambo wake akulamulira, ndipo akudziwa kuti tsiku lina adzagwadira msuweni kapena m'bale amene ankasewera naye. Wosunga mpandoyo akhoza kukhala wokhulupirika mpaka imfa, koma nkhondo n'kubadwabe m'nyumba mwake. Umupatse dzina lako, umuike m'dziko la Tadala, kaya ndi mbalame yomangidwa mlomo ija. Amene amadziwa mbiri adzazindikira kumene watunga, ndipo palibe amene adzanene kuti wanamizira agogo ake.

Loweruka ndikubwera pa Lizulu kudzagula mbewu ya kachewere. Ukakhala ndi mpata tikhale pansi, ndili ndi kope limene ndinalembamo zimene ankasimba malume anga za ulendo wochokera ku Domwe. Ndikubwereka, koma ulisamale.

Dalitso, Lizulu, Lachitatu 07:58

Zikomo kwambiri bambo, ndidzakudikirani pafupi ndi pokwerera minibasi, ndipo mbewuyo ndikusankhirani ndekha. Mayi adimini, nkhani ija musaibwezeretse. Ndime ya amayi osinja gaga ndiitenga ndiiike m'nkhani ya mkazi wa wosunga makwerero. Ya wosunga mpando ndiyamba ndikawerenga kope la a Ngozo.

Mphatso, Linthipe, Lachitatu 08:30

Poti mwini wake wanena yekha, ine ndilibe mawu. Koma ndipemphe kuti mtsogolo muno nkhani isachotsedwe tisanakambirane. Adimini aziika chenjezo pamwamba pake, ikhalepo mpaka titamva mbali zonse.

Nachisale (adimini), Lachitatu 12:40

Ndavomera a Mphatso, ndipo Loweruka lija ndinafulumira, ndikanayamba ndafunsa gulu. Kuyambira lero tichita monga mwaneneramo. Chinanso, nkhani yokhala ndi imfa ya mwana, njala kapena kugwiririra izikhala ndi mawu ochenjeza pamwamba, kuti munthu asankhe yekha nthawi yoiwerenga.

Tadala wavomera kuti dziko lake likhale la tonse. Lilibe dzina, ndiye tumizani maganizo pofika Lachisanu, lisakhale dzina la mudzi kapena mfumu imene ilipo. Zimene zakhazikika mpaka pano ndi izi zokha: mitambo inathawira kunyanja, padenga la nkhokwe pali mbalame yolira munthu akanama, ndipo ufumu umadutsira kwa mayi. Amene mukufuna kupitiriza za ku Westeros pitirizani, palibe wakuletsani.

Mutu wa sabata ino ndi uwu: "Mfumu yamwalira, amayi a mbumba adzitsekera m'nyumba kuti asankhe, ndipo iwe ndiwe mtsikana amene watumidwa kukawapatsa madzi." Mawu asapitirire 600, kuti amene bandulo ndi yovuta athe kuwerenga zonse. Tsiku lomaliza ndi Lamulungu 8 koloko usiku. Yamikani, mayeso akubwera tikudziwa, koma ngakhale ya mawu 100 tiilandira.

Yamikani, Tsangano, Lachitatu 16:22

Ndiyesa amayi. Mtsikanayo angakhale mdzukulu wa mmodzi mwa amayi ali m'nyumbamo, mchimwene wake n'kukhala mmodzi mwa amene akuganiziridwa?

Nachisale (adimini), Lachitatu 16:25

Angakhale. Lemba.

Mayi a Yankho, Golomoti, Lachitatu 19:03

Dalitso, ukamalemba za mkazi uja undifunse. Ndikuuza mmene lichero lopanda kanthu limalemerera ukaima nalo pamzere kuyambira m'bandakucha.